Malasha a ku Chipanga ndi khomo lomwe lidakana kutseguka

MOATIZE — M'chaka cha 1981 dziko la Moçambique lidaodira pakhomo la bungwe lalikulu la chuma la maiko a sosholizimu, koma eni nyumba sadaliuze kuti lilowe. Bungwelo dzina lake linali Comecon, ndipo likulu lake linali ku Moscow. Nkhaniyi idakambidwira kutali, m'zipinda za misonkhano za ku Ulaya, kotero kuti alimi ambiri a m'boma la Moatize sadaimve n'komwe. Komabe zotsatira zake zidafika mpaka ku migodi ya Chipanga ndi pa chipata cha m'malire cha Zóbuè, ndipo zina mwa izo zikuonekabe lero.

Ngozi ziwiri, abwenzi atsopano

Pamene Moçambique adalandira ufulu pa 25 Juni 1975, migodi ya malasha ya ku Moatize inali m'manja mwa kampani ya Companhia Carbonífera de Moçambique. Inali migodi yolowa pansi, ndipo uliwonse unkatchedwa Chipanga kenaka nambala yake. Malasha ankakwera sitima kupita ku doko la Beira pa njanji ya Sena, imene nthambi yake yochokera ku Dona Ana idafika ku Moatize mu 1949.

Ntchito ya pansi inali yoika moyo pachiswe chifukwa cha mpweya woyaka umene anthu a mu mgodi amautcha grisu. Mu Sepitembala 1976 mgodi wa Chipanga 6 udaphulika ndi kupha anthu pafupifupi 100. Chaka chisanathe, pa 2 Ogasiti 1977, Chipanga 3 nawonso udaphulika ndipo anthu 64 adatsikira kulichete. Tsiku lomwelo anthu olusa adapha azungu 9 amene ankayang'anira ntchito. Mu 1978 boma lidatenga migodi yonse ndi kukhazikitsa kampani yake ya Carbomoc.

Vuto linali lakuti akatswiri anali atathawa. Boma lidayang'ana kwa abwenzi amene adathandiza Frelimo pa nkhondo ya ufulu. Mu Febuluwale 1977, pa msonkhano wake waukulu wachitatu, chipanichi chinali chitalengeza kuti chitsata njira ya Marx ndi Lenin, ndipo mwezi wotsatira boma lidasainirana pangano la ubwenzi ndi Soviet Union. Mu Febuluwale 1979 mtsogoleri wa Germany ya Kum'mawa, dziko lomwe kuno linkadziwika kuti RDA, a Erich Honecker, adafika ku Maputo ndi kusaina pangano lofanana nalo.

Akatswiri a migodi a ku RDA adadzakhala ku Moatize pamodzi ndi mabanja awo. Malasha ndi zokolola za m'minda zinkapita ku RDA, ndipo kumeneko kunkachokera makina ndi malole a IFA, amene achikulire amawakumbukirabe. Achinyamata pafupifupi 20,000 a dziko lino adapita kukagwira ntchito m'mafakitale a ku RDA pakati pa 1979 ndi 1990. Pofika 1981 migodi ya Moatize inkatulutsa matani pafupifupi theka la miliyoni pachaka.

Chomwe a Machel ankafuna

Bungwe la Comecon lidakhazikitsidwa mu 1949. M'menemo munali Soviet Union, Poland, Hungary, Bulgaria, Romania ndi Czechoslovakia. Pambuyo pake mudalowa RDA mu 1950, Mongolia mu 1962, Cuba mu 1972 ndi Vietnam mu 1978.

Maiko atatu otsirizawa anali osauka, ndipo umembala unkawapindulira kwambiri. Mwachitsanzo, Cuba ankagulitsa shuga wake kwa anzake a m'bungwemo pa mtengo woposa wa pa msika wa dziko lonse, n'kumalandira mafuta a galimoto otsika mtengo kuchokera ku Soviet Union. Membala ankadziwiratu kuti katundu wake agulidwa kwa zaka zisanu zikubwerazo.

Izi ndizo Purezidenti Samora Machel ankafunira dziko lino. Boma linali litalengeza kuti zaka za 1980 mpaka 1990 zikhala zaka zogonjetsa umphawi, ndipo mapulani ake a mafakitale, minda ikuluikulu ya boma ndi migodi ankafuna ndalama zambiri zedi. Moçambique ankaloledwa kale kukhala pa misonkhano ya Comecon, koma ngati mlendo womvetsera chabe, wopanda voti. Tsono adapempha kuti akhale mwana wa m'nyumba. Wofunsira mbeta sapita chimanjamanja, ndipo malasha a ku Moatize anali ngati chikole chachikulu chimene dziko lino lidanyamula.

A ku RDA adaikira kumbuyo pempholi. Koma mwini mawu anali Soviet Union, ndipo yankho la mu 1981 linali lokana. Akatswiri a mbiri amatchula chifukwa chimodzi chachikulu, chomwe ndi ndalama. Soviet Union inali kale ndi mtolo wa Cuba ndi Vietnam. Asilikali ake anali atalowa nkhondo ku Afghanistan mu Disembala 1979. Ku Poland antchito anali atayamba kunyanyala ntchito mu 1980 ndipo chuma cha dzikolo chinali pa ngongole yoopsa. Atsogoleri a ku Moscow adaona kuti sangakwanitse kudyetsa pakamwa pena.

Zida za nkhondo ndi alangizi zidapitirira kubwera, ndipo mu 1985 mbali ziwirizi zidasainirana pangano logwirira ntchito limodzi. Koma umembala weniweni Moçambique sadaupeze mpaka bungwelo lidatha.

Kutembenukira kumadzulo

Kukanidwaku kudadza pa nthawi yoipa. Mu Januwale 1981 asilikali a boma la tsankho la South Africa adaukira nyumba za a ANC ku Matola. Mwezi womwewo a Ronald Reagan adalowa mpando ku America, ndipo mu Malichi boma la Maputo litathamangitsa akazembe ena a dzikolo powaganizira ukazitape, thandizo la chakudya lochokera ku America lidaimitsidwa. Nkhondo ya pakati pa boma ndi Renamo, imene panthawiyo inkathandizidwa ndi South Africa, inali kufalikira m'zigawo za pakati.

Njanji ya Sena idaphwasulidwa malo ambiri, ndipo pofika 1984 sitima zinali zitasiya kuyenda pakati pa Moatize ndi Beira. Malasha adangounjikana pabwalo opanda chowanyamula. Migodi idafooka, anthu ambiri ntchito idawathera, ndipo akatswiri a ku RDA adayamba kuchepa. Chilala cha 1983 chidaonjezera chilonda, ndipo chigawo cha Tete chinali pakati pa zigawo zimene njala idapha anthu ochuluka.

Boma lidayenera kuodira pa makomo ena. Khomo loyamba linali pangano la Lomé, limene maiko a kumadzulo kwa Ulaya ankathandizira nalo maiko a mu Africa, Caribbean ndi Pacific. Kwa zaka zingapo Moçambique ankakana kulowamo. Chopinga chinali ndime ina yokhudza mzinda wa Berlin, umene panthawiyo unali wogawika pakati. Kuvomera ndimeyo kunali ngati kuvomera kuti mbali ya kumadzulo ya mzindawo ndi ya Germany ya Kumadzulo, zomwe zikadakhumudwitsa a RDA. Choncho mkangano wa mzinda umene mlimi wa ku Zóbuè sadauonepo unkatseka njira ya thandizo lomwe likadamufikira. Comecon itakana, boma lidavomera ndimeyo mu 1982.

Chaka cha 1984 ndicho chidasintha zambiri. Pa 16 Malichi a Machel ndi a P. W. Botha adasaina pangano la Nkomati losaputana. Mu Sepitembala dziko lidalowa mu IMF ndi Banki Yaikulu ya Dziko Lonse. Mu Disembala lidasaina pangano lachitatu la Lomé. Chaka chotsatira a Machel adakacheza kwa a Reagan ku Washington.

Makomo amenewa adatseguka, koma walira mvula walira matope. Mu Januwale 1987 boma lidayamba ndondomeko yokonzanso chuma yotchedwa PRE. Dola imodzi, imene inkasinthidwa ndi metikali pafupifupi 40, idafika pa 200 kamodzin'kamodzi. Katundu adabwereranso m'masitolo, koma mitengo yake anthu wamba ankangoiyang'ana ndi maso.

Kenaka mphepo ya dziko lonse idatembenuka. Khoma la Berlin lidagwa pa 9 Novembala 1989, ndipo pa 3 Okutobala 1990 dziko la RDA lidatheratu. Comecon idathetsedwa mu Juni 1991, ndipo Soviet Union idagawika mu Disembala chaka chomwecho. Nyumba imene Moçambique ankapempha kulowamo idagwa patangotha zaka khumi. Achinyamata aja adabwezedwa kwawo mwadzidzidzi. Gawo la malipiro awo linkadulidwa ndi kutumizidwa ku boma la Maputo kuti adzalandire pobwerera, ndipo ambiri mwa iwo, amene amatchedwa Madgermanes, akhala akuguba m'misewu ya Maputo kwa zaka zambiri kudandaula kuti ndalamazo sadazilandire zonse. Akuluakulu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka.

Mgwirizano wa anansi

Pamene maso a boma anali ku Moscow, panalinso bungwe lina laling'ono ndi losauka limene Moçambique sadachite kupempha kulowamo chifukwa anali mmodzi wa oliyambitsa. Pa 1 Epulo 1980, ku Lusaka, maiko asanu ndi anayi adakhazikitsa SADCC: Angola, Botswana, Lesotho, Malawi, Moçambique, Swaziland, Tanzania, Zambia ndi Zimbabwe. Cholinga chinali kuchepetsa kudalira South Africa ya tsankho. Dziko lililonse lidapatsidwa ntchito yake, ndipo Moçambique, pokhala ndi madoko a Maputo, Beira ndi Nacala, adapatsidwa za mtengatenga ndi mtokoma.

Anthu a m'mbali mwa msewu wa Tete mpaka Zóbuè adauona mgwirizano umenewu ndi maso awo. Njanji zopita ku Beira ndi ku Nacala zitadulidwa, Malawi adatsala wopanda njira yachidule ya kunyanja. Katundu wake wambiri adayamba kudzera pa msewu wochokera ku Nyamapanda m'malire a Zimbabwe, kudutsa Cuchamano, kuwoloka Zambezi pa mlatho wa ku Tete, kupyola Moatize mpaka kukwera phiri la Zóbuè ndi kulowa ku Mwanza. Malole ankayenda mumdipiti umodzi, umene anthu ankautcha koluna, moperekezedwa ndi asilikali a Zimbabwe. Zitsulo za malole otenthedwa zidakhala m'mbali mwa msewuwu zaka zambiri. Pangano la ku Roma la pa 1 Disembala 1990 litalamula kuti asilikali a Zimbabwe azingolondera njira za Beira ndi Limpopo, koluna ya ku Tete idaima, ndipo malole adayamba kuzungulira ku Zambia, ulendo wautali ndi wokwera mtengo.

Ubale wa anansiwu sunali wopanda mikangano. Boma la Dr. Hastings Kamuzu Banda linali pa ubale ndi South Africa kuyambira 1967, ndipo Maputo inkaliimba mlandu wolola Renamo kudzera m'dziko lake, zomwe Malawi ankakana. Pa 11 Sepitembala 1986 a Machel, a Robert Mugabe ndi a Kenneth Kaunda adapita ku Blantyre kukawauza a Banda maso ndi maso. Atabwerako, a Machel adaopseza kuti atseka malire ndi kuika mizinga moyang'ana Malawi. Patangotha milungu isanu, pa 19 Okutobala, iwo adamwalira pa ngozi ya ndege ku Mbuzini. Mu Disembala maiko awiriwa adasaina pangano la chitetezo, ndipo kuyambira 1987 asilikali a Malawi adayamba kulondera njanji ya Nacala.

Pamene atsogoleri ankalozana zala, anthu wamba ankalandirana. Mabanja a ku Zóbuè, Tsangano, Angónia ndi Mutarara adawoloka malire ndi kulandiridwa ku Mwanza, Neno, Ntcheu, Dedza ndi Nsanje, ena m'misasa, ena m'midzi ya abale awo. Pofika 1992 Malawi ankasunga othawa nkhondo opitirira miliyoni imodzi. Malire adalembedwa ndi Angerezi ndi Apwitikizi mu 1891, koma chilankhulo, mafumu, maukwati ndi manda n'zakale kuposa malirewo. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu adabwerera kwawo pa njira zomwezo.

Chaka chomwecho, pa 17 Ogasiti, ku Windhoek, SADCC idasanduka SADC, ndipo mu 1994 South Africa ya a Nelson Mandela idalowamo. Dziko limene bungweli lidapangidwira kulipewa lidasanduka membala wake wolemera koposa.

Khomo lomwe anansi adatsegula

Nkhondo itatha ndipo chisankho choyamba cha zipani zambiri chitachitika mu Okutobala 1994, boma la Purezidenti Joaquim Chissano lidaodiranso pa khomo lina, la Commonwealth. Limeneli ndi bungwe la maiko amene kale ankalamulidwa ndi Britain. Moçambique sadalamulidweko ndi Britain, ndipo chilankhulo cha boma ndi Chipwitikizi, kotero kuti mwa mwambo wa bungwelo analibe mpando.

Koma ulendo uno wofunsira anali ndi ankhoswe. Maiko onse asanu ndi limodzi ochita malire ndi Moçambique, omwe ndi Tanzania, Malawi, Zambia, Zimbabwe, South Africa ndi Swaziland, anali mamembala panthawiyo. Iwo adakumbutsa anzawo kuti pa 3 Malichi 1976 Moçambique adatseka malire ake ndi Rhodesia ya a Ian Smith pomvera chilango chimene bungwe la United Nations lidaika, ndipo adataya ndalama zambiri za njanji ndi madoko, n'kuphedwanso anthu ake chifukwa chosunga omenyera ufulu wa Zimbabwe. Commonwealth yomwe inali itakhazikitsa kale thumba lapadera lothandizira Moçambique pa msonkhano wa ku Vancouver mu 1987.

Mu Novembala 1995, pa msonkhano wa ku Auckland m'dziko la New Zealand, Moçambique adalandiridwa. Linali dziko loyamba kulowa m'bungweli popanda mbiri ya ulamuliro wa Britain kapena wa membala wina. Rwanda idatsatira mu 2009, Gabon ndi Togo mu 2022. Ku Portugal ena adadandaula kuti dziko lino likuthawa Chipwitikizi, koma mu Julayi 1996 Moçambique adakhala mmodzi wa oyambitsa CPLP, bungwe la maiko olankhula Chipwitikizi. Mu 1997 adatuluka mu COMESA ndi kutsalira mu SADC, pamene Malawi ali m'mabungwe onse awiri.

Kusiyana kwa 1981 ndi 1995 n'koonekeratu. Ku Moscow dziko lino lidapita ndi malasha ndi chiphunzitso chofanana, ndipo lidabwezedwa chifukwa mwini nyumba adawerenga za m'thumba mwake. Ku Auckland lidapita lili losauka kuposa kale, koma lidalowa chifukwa anansi amene lidavutikira nawo limodzi adaliyankhulira.

Malasha adasintha mwini, Chipanga idasamuka

Malasha aja sadaiwalike. Mphamvu za chuma zitayamba kusunthira ku Asia ndi South America, ogula atsopano adafika. Mu 2004 kampani ya ku Brazil, yomwe pambuyo pake idadziwika kuti Vale, idapambana chilolezo chokumba ku Moatize. Ulendo uno sikunali kulowa pansi koma kufukula nthaka yonse kuchokera pamwamba, ndipo midzi idayenera kuchoka. Pakati pa 2009 ndi 2010 mabanja opitirira 1,300 a ku Chipanga, Bagamoyo, Mithete ndi Malabwe adasamutsidwa. Mabanja opitirira 700 adapita ku Cateme, mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kuchokera m'tauni ya Moatize, ndipo ena adapita ku 25 de Setembro. Pa 10 Januwale 2012 anthu a ku Cateme adatseka njanji podandaula za minda yosabereka ndi nyumba zong'ambika. Oumba njerwa a ku Chipanga nawonso adachita zionetsero kangapo pofuna chipukuta misozi.

Sitima ya malasha idayambanso kupita ku Beira mu 2011. Njanji yatsopano ya makilomita opitirira 900 yopita ku Nacala-a-Velha, imene idatsegulidwa mu 2017, imadutsa m'dziko la Malawi. Mu 2022 Vale idagulitsa mgodi ndi njanjiyo kwa Vulcan, kampani ya eni ake a ku India. M'zaka zosakwana 50 malasha a pamalo amodzi adutsa m'manja mwa kampani ya nthawi ya atsamunda, boma ndi akatswiri a ku RDA, a ku Brazil ndi a ku India.

Mnansi yekha ndiye sadasinthe. Mu 2015 ndi 2016, mfuti zitaliranso m'dera la Zóbuè, anthu pafupifupi 10,000 adathawira ku mudzi wa Kapise m'boma la Mwanza, ndipo ena adasamutsidwira ku msasa wakale wa Luwani. Zigawenga zitavuta ku Cabo Delgado, asilikali a maiko a SADC adakhala kumeneko kuyambira Julayi 2021 mpaka Julayi 2024, ndipo a Rwanda adafikanso mu 2021.

Maiko akuluakulu akukokananso, ndipo Maputo imayenda mosamala. Pa 2 Malichi 2022, pamene United Nations inkavota zodzudzula Russia polowa m'dziko la Ukraine, Moçambique sadavotere mbali iliyonse, pamene Malawi adavotera kudzudzula.

Kwa wokhala m'malire, phindu la bungwe lililonse limayezedwa pa chipata. SADC idalengeza mu Ogasiti 2008 kuti malonda a pakati pa mamembala ake aziyenda popanda msonkho pa katundu wambiri. Koma lamuloli limafuna chikalata chotsimikiza komwe katundu wapangidwira, ndipo amene amachipeza mosavuta ndi eni makampani ndi malole akuluakulu. Mayi wonyamula dengu la mbatata ya kachewere kapena thumba la nyemba, ndi mnyamata wokankha chimanga pa njinga, nthawi zambiri amadzerabe njira za m'tchire kumene palibe lamulo lowateteza. Atsogoleri a SADC amakumana chaka ndi chaka mu Ogasiti. Anthu a ku Zóbuè, Cateme ndi Mwanza ali ndi ufulu wofunsa aphungu awo, mafumu ndi akuluakulu a boma kuti mwa zonse zimene zimasainidwa kumeneko, n'chiti chimene chidzafike pa chipata chawo, ndipo chidzafika liti.